MTENGO UMODZI, KUWERAMA KUMODZI



Mwezi uno tifuna kucheza nanu za kanema wina wa zochitika zenizeni, wosati wa sewero, amene anatuluka m'dziko la Canada m'chaka cha 2021. Dzina lake ndi Forest for the Trees, ndipo anamujambula ndi Mai Rita Leistner. Kanemayu asimba za moyo wa anyamata ndi asungwana amene ntchito yao ndi kubzala mitengo m'mapiri a chigawo cha British Columbia, kumadzulo kwa dzikolo. Dzinali lichokera ku mwambi wa Chingerezi wonena za munthu amene alephera kuona nkhalango yonse chifukwa maso ake akodwa pa mtengo umodziumodzi. Koma ife tiyesa kuti vuto la ambiri a ife ndi lina. Tinazolowera kumva za nkhalango ndi za mitengo mamiliyoni, koma mtengo umodzi, ndi munthu amene anawerama kuti aubzale, sitiwaona. Kanemayu abweza maso athu kwa munthu ameneyo.

Mwini kanema

Mai Leistner sanali mlendo pa ntchito imeneyi. Pa utsikana wao, m'zaka za m'ma 1980 kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, iwo eni anali kubzala mitengo chaka ndi chaka. Pambuyo pake anakhala wojambula zithunzi m'maiko a nkhondo. Anali ku Iraq m'chaka cha 2003, ndiponso ku Afghanistan m'chaka cha 2011. Iwo amanena kuti chimene chinawakonzera kupirira moyo wa ku nkhondo ndicho kubzala mitengo, ndipo anthu ambiri pakumva mau amenewa amadabwa, pakuti ayesa kubzala mitengo ndi ntchito yofewa ya m'dimba la maluwa. Tsono m'chaka cha 2016 maiwa anabwerera kumisasa ya obzala mitengo, ulendo uno atanyamula makina ojambulira m'malo mwa fosholo, nakhala nao anthuwo nyengo zinai zotsatana. Anthu amene anawatsata analipo ngati 100. Pamodzi ndi kanemayu anatulutsanso buku la zithunzi la dzina lomwelo.

Chifukwa chake amabzala

British Columbia ndi chigawo chimodzi chabe cha Canada, koma kukula kwake kulowa Malawi kasanu ndi katatu. Chuma chake chambiri chakhala chikuchokera ku matabwa ndi mapepala. Makampani akalowa m'nkhalango ndi makina ao amagwetsa mitengo yonse ya pamalopo nthawi imodzi, nasiya zitsa, nthambi ndi matope. Kuyambira m'chaka cha 1987 lamulo la chigawocho likakamiza kampani imene yadula mitengo pa malo a boma kuti ibwezeretse nkhalango pamalopo ndi ndalama zake. Pamwamba pa kudulako panadza masoka ena awiri. Kachirombo kena kofukusa paini kanafalikira kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kanakhudza mahekitala oposa 18 miliyoni. Moto wolusa nao unatentha mahekitala oposa 1 miliyoni m'chaka cha 2017, oposanso 1 miliyoni m'chaka cha 2018, ndi pafupifupi 2.8 miliyoni m'chaka cha 2023.

Kotero mbande zofunika ndi zosawerengeka. M'chaka cha 2020 chokha chigawochi chinabzala mbande pafupifupi 300 miliyoni. Wina angayese kuti dziko lolemera chotere liri ndi makina ogwira ntchito imeneyi. Iai ndithu. Makina amatha kugwetsa mtengo wa zaka 100 m'kanthawi kochepa, koma pa phiri lotsetsereka, lodzala ndi zitsa ndi miyala, amalephera kupeza malo abwino a kamtengo kakang'ono. Mbande pafupifupi zonsezo zinalowa m'nthaka ndi dzanja la munthu, imodziimodzi.

Tsiku la wobzala mitengo

M'madera a pakati pa chigawochi ntchito imayamba m'mwezi wa Meyi, chipale chitasungunuka, nifika mpaka mu Ogasiti. Ambiri mwa antchitowo ndi achinyamata, ndipo ena ndi ophunzira a m'mayunivesite amene afuna ndalama za fizi pa nthawi ya tchuthi. Asungwana alipo ambiri, ndipo agwira ntchito yofanana ndi ya anyamata pa mtengo wofanana. Amagona m'matenti, m'misasa ya kutali ndi mizinda. Amadzuka m'mamawa kuli chisanu, nadya chakudya chimene wophika wa pamsasa wakonza, nakwera galimoto kupita kumalo a ntchito, mwina ulendo wa ola lathunthu kapena kuposa. Kumene kulibe mseu amawatula ndi helikopita. Kawirikawiri amagwira masiku atatu napuma tsiku limodzi.

Zida zao ndi zochepa. Munthu aliyense ali ndi fosholo yaifupi ya lilime lopapatiza, ndi matumba atatu omangidwa m'chiuno ndi kukolekedwa pa mapewa. M'matumbamo amaikamo mbande mazana angapo za paini ndi mitengo yina ya mtundu wotere, zoleredwa kunazale, iriyonse ndi kachibuluma kake ka dothi kumizu. Matumba akadzala amalemera makilogalamu ngati 20. Kapitawo amapatsa munthu aliyense ndime yake, ndipo kuyambira pamenepo munthuyo ali yekha tsiku lonse.

Taonani m'mene mtengo umodzi ubzalidwira. Munthu aponda kawiri kapena katatu, maso ali pansi kufuna malo oyenera. Apalasa zinyalala ndi jombo, nabaya fosholo m'nthaka, naikankha kuti patseguke mpata. Pomwepo dzanja lina latenga kale mbande m'thumba. Awerama, nailowetsa mizu iri chiriri, natseka mpatawo ndi chidendene kapena ndi chibakera, naweramuka maso ali kale pa malo otsatira. Wozolowera amabzala mitengo 2,000 kapena 3,000 pa tsiku. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mitengo 2,000 pa maola 10 ndiyo mitengo 200 pa ola, ndiko kunena kuti mtengo umodzi pa masekondi 18 alionse, kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndi kuwerama ka 2,000. Mnyamata wina wa ku Quebec, Antoine Moses, anabzala mitengo 23,060 pa maola 24 m'mwezi wa Julayi 2021 ku Alberta, ndipo dzina lake linalembedwa m'buku la Guinness. Koma zotere ndi za tsiku limodzi la mpikisano. Nkhalango imadzuka ndi anthu wamba a mitengo 2,000 aja, amene amabwereranso mawa ndi mkuja. Paja akulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Thupi limalipira mtengo wake. Mvula igwe, matalala agwe, dzuwa liswe mtengo, ntchito siima. Udzudzu ndi tintchentche takuda toluma timazinga munthu ngati utsi, timalowa m'makutu ndi m'maso. Mavu amamanga zisa zao pansi pomwe pabayidwa fosholo. Zimbalangondo zimayenda m'malo omwewo. Mitsempha ya m'mikono ndi m'mawondo imatupa chifukwa cha kubwereza chinthu chimodzimodzi, ndipo ena amadzuka m'mawa zala zitapindika monga zigwirabe mpini wa fosholo. Mai Leistner pojambula anthuwa sanawauze kuti aime bwino kapena asambe kumaso. Anali kuthamanga nao m'zitsa atanyamula nyali zowalitsira, kuti nkhope ya mwana wa eni yodzala matope ioneke ndi ulemu umene kale unkapatsidwa kwa mafumu ndi akazembe a nkhondo okha pa zithunzi zazikulu.

M'kanemamu antchitowo alankhula okha za miyoyo yao. Ena asimba za chisoni cha imfa ya okondedwa ao, ena za kulimbana ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ena za mtima wolefuka. Munthu akakhala yekha maola 10 pa phiri, wopanda wocheza naye, maganizo amene anali kuwathawa kumzinda amampeza. Ntchitoyo siichiritsa munthu mwa iyo yokha, koma ambiri anena kuti inawaphunzitsa kutha tsiku loipa mwa kubzala mtengo wotsatira, ndipo madzulo kupeza anzao pamsasa amene alawa zowawa zomwezo.

Chingwe cha woyendera ntchito

Tsopano tifike pa chinthu chimene ife tichiyesa chachikulu koposa pa ntchito imeneyi. Anthuwa salandira malipiro a pa tsiku kapena a pa mwezi. Amalipidwa pa mtengo uliwonse umene wabzalidwa, monga ganyu wa mgwazo. Mtengo umodzi ndi masenti owerengeka a ndalama ya ku Canada, ndipo malo akakhala ovuta mtengowo umakwerako. Tinene kuti ndi masenti 15. Wobzala mitengo 2,000 apeza madola 300 tsiku limenelo, pamene wachilendo amene wabzala 400 apeza madola 60 okha, atatopa chimodzimodzi kapena kuposa. Aliyense angathe kuona yesero liri pamenepa. Wofuna ndalama ayenera kufulumira, ndipo wofulumira ndiye amabzala moipa.

Chifukwa cha ichi pali munthu wina woyendera ntchito. Iye amadza pambuyo, nasankha malo m'ndime ya munthu osamuuza. Azika fosholo yake pansi, namangapo chingwe cha mamita 3.99, nazungulira nacho. Bwalo limene chingwecho chilemba ndi gawo limodzi la magawo 200 a hekitala. Ngati pangano linati mitengo 1,400 pa hekitala, m'bwalomo muyenera kupezeka mitengo 7. Koma iye sangowerenga chabe. Amakoka kamtengo ndi zala kuti aone ngati kalimba. Amafukula ina kuti aone mizu. Mbande imene mizu yake inapindika polowa m'dzenje ndi yolakwa. Yozama kwambiri ndi yolakwa, yosazama mpaka dothi la kumizu kuonekera ndi yolakwanso. Yopendekeka, yoyandikana kwambiri ndi inzake, yobzalidwa pa zinyalala zouma m'malo mwa nthaka yeniyeni, zonsezi ziwerengedwa zolakwa. Zolakwa zikachuluka munthuyo amabwezedwa kukakonza ndime yonse tsiku la mawa, osapeza ndalama yatsopano.

Lamuloli lioneka louma mtima, koma liri ndi chifukwa chake. Mbande ya mizu yopindika imaoneka yobiriwira ngati zinzake tsiku loibzala, ndipo mwina sabata lonse. Kulakwa kwake kuli pansi pamene diso siliona. Idzafa m'chilimwe, kapena idzakula mopinimbira, kapena idzagwa ndi mphepo patapita zaka zambiri, wobzala uja ataiwala kale phirilo. Kuongola mtengo n'poyamba, ndipo pa mbande poyambapo ndi masekondi ochepa aja pamene dzanja liri m'nthaka.

Liripo tchimo lina limene m'misasa imeneyi aliyesa lalikulu koposa onse. Ndilo kubisa mbande: munthu atenga mtolo wa mbande naukwirira m'dzenje limodzi kapena kuuponya pansi pa chitsa, madzulo nalembetsa kuti wabzala zonse. Wogwidwa amachotsedwa ntchito, ndipo anzake omwe amamnyoza. Pa pepala la kampani mitengo ija iripo, yawerengedwa, yalipiridwa. Pa phiri palibe kanthu. Chingwe cha woyendera chimafika pa malo ochepa okha a ndime, kotero kuti mitengo yambiri ya munthu palibe amene adzaiyang'ana. Potsiriza nkhalango imaima pa kukhulupirika kwa munthu amene ali yekha, wotopa, wolumidwa ndi udzudzu, wodziwa bwino kuti palibe akumuona.

Mbali yowawa

Sitifuna kuti achinyamata athu ayese kuti tikusimba za dziko la mkaka ndi uchi. Pambali pa kanemayu pali nkhani ina imene tiyenera kuitchula. M'chaka cha 2010, pa msasa wina pafupi ndi tauni ya Golden m'chigawo chomwecho, anapeza antchito a m'nkhalango ochokera ku maiko a mu Africa akukhala moyo womvetsa chisoni: madzi abwino akumwa panalibe, zimbudzi zoyenera panalibe, chakudya chinali chopereweza, ndipo malipiro ao sanali kuwalandira. M'chaka cha 2014 bwalo loona za ufulu wa anthu la British Columbia linagamula kuti antchito 55 anasalidwa chifukwa cha khungu lao, ndipo linalamula kuti aliyense apatsidwe chipepeso cha madola osachepera 10,000. Ntchito yogwiridwa kutali ndi maso a anthu imayesa kukhulupirika kwa wantchito, komanso imayesa kukhulupirika kwa wolemba ntchito. Wofuna mbande yoongoka ayenera kupereka malipiro oongoka.

Obzalawo adziwanso chinthu china chowawa. Mitengo yao siidzakhala ngati nkhalango imene inadulidwa. M'mbali mwa nyanja ya chigawocho muli mitengo ina ya zaka mazanamazana, ina yoposa zaka 1,000, ndipo pansi pake pali zomera ndi zamoyo zamitundumitundu. Munda wa mitengo ya mitundu iwiri kapena itatu, ya msinkhu umodzi, sungalowe m'malo mwa zimenezo. Ndiponso yambiri ya mitengo yobzalidwayi idzadulidwanso ikakhwima, patapita zaka 60 kapena 80. Msungwana wa zaka 20 amene awerama lero, ngati adzakhale ndi moyo pa tsiku lodula mtengo wake, adzakhala gogo wa zaka 80 kapena 100. Sadzakhala pa mthunzi wake, sadzagulitsa thabwa lake. Komabe auongola mizu. Kubzala sikuchotsa mlandu wa kudula mosasamala, koma phiri lobzalidwa bwino liposa kutali phiri la zitsa.

Nanga kwathu kuno?

Nkhani imeneyi siiri yachilendo kwa ife monga ionekera. Amene anayendapo pa mseu wochokera ku Kasungu kupita ku Mzuzu adziwa nkhalango ya Chikangawa pa mapiri a Viphya. Kubzala kwakukulu kumeneko kunayamba m'chaka cha 1964, ndipo kunafika pa mahekitala ngati 53,000, makamaka a paini. Cholinga chinali chakuti mitengoyo idzadyetse fakitale ya mapepala ku Chintheche, koma fakitaleyo siinamangidwe. Mitengo yonseyo inabzalidwa ndi manja a agogo ndi makolo athu, m'chisanu ndi nkhungu ya ku Viphya. Maina ao sitiwadziwa. M'zaka zapitazi mbali yaikulu ya nkhalangoyo yatha ndi macheka ndi moto, ndipo kubzalanso sikunalingane ndi kudula. Ambiri anadya thukuta la anthu aja osafunsa kuti adzawerame m'malo mwao ndani.

Kuyambira m'chaka cha 1976 dziko lathu linali ndi tsiku lobzala mitengo, pa 21 Januwale. Masiku ano tiri ndi nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Chaka ndi chaka timamva pa wailesi chiwerengero cha mbande zimene zabzalidwa. Koma kodi chingwe cha woyendera chiri kuti? Tonse tinaonapo m'mene zimakhalira pa sukulu kapena pamudzi. Alendo olemekezeka abzala mtengo umodzi, anthu aomba m'manja, ana agawiridwa mbande nathamanga nazo kuti amalize msanga. Ina ilowa m'nthaka ndi chubu chake chapulasitiki, ina m'kadzenje kosakwana chikhatho. Mwezi wa Juni mbuzi zidya nsonga, mwezi wa Seputembala moto wa osaka mbewa umaliza zotsala. Chaka chamawa tibzalanso pa malo omwewo, ndi kuwerenganso. Sitinakwirire mbande pansi pa chitsa monga wonyenga wa ku Canada uja, koma zotsatira zake ndi zimodzimodzi: mitengo iri pa pepala, pa nthaka palibe.

Mau kwa makolo ndi kwa achinyamata

Inu makolo, ana athu amaphunzira mtengo wa ntchito ya manja kwa ife. Ngati khasu timalitulutsa pokhapokha mwana walakwa, ngati kukumba dzenje ndi chibalo cha kusukulu, ngati timaopseza mwana waulesi pa maphunziro kuti adzakhala wolima, tisadabwe iye akadzakula nayesa kuwerama chinthu chamanyazi. Ophunzira a m'mayunivesite a ku Canada amalimbirana malo pa ntchito ya matope imeneyi, ndipo pambuyo pake amainyadira moyo wao wonse. Ndiponso pamene talemba munthu ganyu wokumba maenje kapena wolambula m'munda wa mitengo, timlipire pa nthawi yake ndi monga tinapangana, pakuti iye ndiye amene wanyamula mbali yolemera ya ntchitoyo.

Inu achinyamata, mwina simudzabzala mitengo 2,000 pa tsiku, ndipo palibe akufunsani zimenezo. Tikupemphani chinthu chochepa. Mvula ya chaka chino ikakhazikika ndipo nthaka yanyowa bwino, banja lirilonse lisankhe mbande zimene lingathe kuzisamala, kaya ndi 10 kaya ndi 20. Kumbani dzenje lokwanira. Chotsani chubu mosamala kuti dothi la kumizu lisasweke. Mizu ilowe yoongoka, ndipo mbande izame kulekeza pamene inalekeza kunazale. Tsenderani dothi kuti pasatsale mpata wa mphepo. Palirani udzu, tchingani ndi minga kapena timitengo chifukwa cha mbuzi, yang'anirani chiswe, ndipo mvula ikangotha lambulani mozungulira moto usanayambe. Mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake m'banjamo, wodziwika ndi dzina.

Tsono chiwerengero chanu musachilembe tsiku lobzala. Dikirani mwezi wa Okutobala, dzuwa litafika pa ukali wake, ndipo mutuluke nonse, atate, amai ndi ana, kukayendera mitengo yanu umodziumodzi. Yamoyo yokha ndiyo muilembe. Magulu a achinyamata ndi masukulu angathe kuchita chimodzimodzi pa minda yao ya mitengo. Tidzakondwa kulandira makalata anu pa nthawi imeneyo otiuza kuti munabzala ingati ndipo yatsala ingati, ngakhale chiwerengerocho chikhale chochepa, pakuti mitengo 7 yamoyo iposa mitengo 700 ya pa pepala.

Tsalani bwino mpaka mwezi wamawa.